Gogo wosanyengerera munthu: mafunso ndi mayankho pa za Granny Weatherwax ndi agogo athu a ku Machinga ndi Balaka

M'mabuku a nkhani zopeka za matsenga muli nkhalamba ina imene owerenga a m'maiko ambiri amaikonda ngakhale kuti iyoyo sisekerera munthu. Dzina lake ndi Esmerelda Weatherwax, koma aliyense amangoti Granny Weatherwax. M'mabukumo amatchedwa mfiti, ndipo mwiniwake amanyadira dzinalo. Kwa munthu wa ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula, kumene dzina lomwelo likhoza kuotchetsa nyumba ya munthu usiku umodzi, nkhani ya gogoyu ndi yofunika kuikhalira pansi.

Kodi Granny Weatherwax ndi ndani?

Anamupeka ndi Terry Pratchett, mlembi wa ku England amene anabadwa mu 1948 ndi kumwalira mu 2015. Pratchett analemba mabuku 41 onena za dziko lopeka lotchedwa Discworld, dziko lathyathyathya lokhala pamsana pa njovu zinayi, njovuzo zitaima pa kamba wamkulu. Gogoyu anayamba kuonekera mu 1987 m'buku la Equal Rites, kenaka mu Wyrd Sisters mu 1988, Witches Abroad mu 1991, Lords and Ladies mu 1992, Maskerade mu 1995 ndi Carpe Jugulum mu 1998. Pambuyo pake amapezekanso m'mabuku a mtsikana Tiffany Aching, mpaka m'buku lomaliza la The Shepherd's Crown, lotuluka mu 2015 mlembi atamwalira kale, mmene gogoyu amatsikira kuli chete.

Amakhala yekha m'kanyumba ka kunkhalango, m'dziko laling'ono la kumapiri lotchedwa Lancre. Sanakwatiwe, alibe mwana, amaweta mbuzi ndi njuchi. Amavala zakuda ndi chipewa chosongoka. Anzake apamtima ndi Nanny Ogg, mayi wansangala wa ana ndi adzukulu ambirimbiri, ndi Magrat Garlick, mtsikana wamanyazi wokonda mabuku ndi zitsamba.

Ndiye amauluka usiku, kudya anthu kumanda ndi kusandutsa anzake ndondocha, monga timamvera pa wailesi pa pulogalamu ya Nkhani za m'maboma?

Kuuluka amauluka, pa tsache lakale limene silinyamuka mpaka alithamangitse kaye ngati galimoto yochita kukankha. Amathanso kugona pabedi thupi lili zii, nzeru zake zitalowa mwa mbalame kapena nyama ina kuti aone zomwe zikuchitika kutali. Tsiku lina analowa m'khamu lonse la njuchi. Koma za kumanda, za ndondocha, za kupha mphwake kuti akhwime, mulibemo.

Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi imene ife timaidziwa bwino. Mayi matenda akayamba usiku, amathamangira kwa iye. Munthu akamamwalira, amakhala pambali pake ndi iyeyo mpaka mzimu uchoke, n'kusambitsa malirowo. Msana ukagwira, ng'ombe ikadwala, banja likavuta, amapita kwa iye. Mukamuika ku Machinga kapena ku Balaka, anthu sangamutche mfiti poyamba. Anganene kuti ndi mzamba, ndi nankungwi, kapena kwa Ayao ndi nakanga wa ku nsondo: mayi amene mudzi wonse umamuopa pang'ono koma sungathe kukhala popanda iye. Ndinati poyamba dala, chifukwa tsiku limene mwana wafa mosadziwika bwino, mayi yemweyo ndi amene zala zimayamba kumuloza.

Nanga mphamvu yake yeniyeni ili pati?

Matsenga ali nawo, ndipo ndi aakulu kuposa a mfiti ina iliyonse ya m'mabukumo, koma kawirikawiri sawagwiritsa ntchito. Chida chake chachikulu ndi kudziwa mitima ya anthu, luso limene mwiniwake amalitcha headology. Amadziwa chimene munthu akuopa, chimene akubisa, ndi chimene angakhulupirire. Mu Witches Abroad, mayi wina wa matsenga, Mrs Gogol, anapanga kachidole koimira gogoyu kuti amupweteke nako. Granny sanabweze ndi mankhwala. Analowetsa dzanja lake m'moto wa muuni, ndipo chimene chinapsa ndi kachidoleko m'manja mwa mwiniwake. Anagwiritsa ntchito chikhulupiriro cha mnzakeyo kumugonjetsera.

Komabe mbali imene ine imandigwira mtima kwambiri ndi ina. Kumayambiriro kwa Carpe Jugulum, gogoyu aitanidwa usiku kwa mayi woyembekezera amene ng'ombe inamuponda. Zinthu zafika poti mmodzi yekha ndiye angapulumuke, mayi kapena mwana. Mzamba wa m'mudzimo akuti tikafunse bambo wa mwanayo. Granny akukana. Akudziwa kuti bamboyo akasankha, adzakhala moyo wake wonse akudziimba mlandu, kapena kuimbidwa mlandu ndi mkazi wake. Choncho asankha yekha, apulumutsa mayiyo, ndipo katundu wa imfa ya mwanayo asenza yekha, osamuuza bamboyo. Abwerera kwawo ali wotopa mumtima, ndipo buku lonselo limaonetsa mmene kusenza zoterezi zaka zambiri kumafooketsera munthu.

Aliyense amene anakulira kumudzi kutali ndi chipatala, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta kapena kuseri kwa mapiri a Chikala, akudziwa kuti amayi otere analipo. M'chikuta munkachitika zinthu zimene abambo sankauzidwa. Panali nkhalamba imene inkatuluka m'nyumbamo m'mawa n'kunena mawu awiri okha, ena onse n'kupita nawo kumanda. Tinkaitcha youma mtima chifukwa sinkalira pamaliro. Pratchett amatilowetsa m'kati mwa munthu wotere kuti tione kuti kuuma kwa nkhope ndi mtengo umene amalipira kuti manja asanjenjemere.

Palinso nkhani ya mu Maskerade, pamene gogoyu amachezera usiku wonse ndi mwana wodwala m'khola, n'kumenya njuga ndi Imfa kuti itenge ng'ombe m'malo mwa mwanayo. Sapempha malipiro a ndalama. Anthu amamupatsa zovala zakale ndi chakudya, ndipo chimene amafuna kwenikweni ndi ulemu.

Mwanena za kudziwa mitima ya anthu. Kodi pamenepo palibe chinyengo?

Chilipo, ndipo apa ndi pamene ndimasemphana ndi anthu ambiri okonda gogoyu. Kangapo konse amapatsa odwala madzi ongothira utoto, n'kuwauza kuti ndi mankhwala amphamvu. Mu Maskerade bambo wina wodwala msana amachira chifukwa gogoyu wamuwongola mafupa mwadzidzidzi, koma amapita kwawo akuyamika kabotolo ka madzi a shuga. Maganizo a Granny ndi akuti anthu samvera choonadi chosakometsera, ndiye ndi bwino kuwapatsa bodza limene liwachiritse.

M'buku zimayenda bwino chifukwa mlembi ndiye amagwira chingwe: gogoyu amadziwadi matendawo, ndipo salakwitsa. Kunja kwa buku kulibe mlembi wotitchinjiriza. Anthu a ku Machinga akukumbukira chaka cha 1995, pamene Billy Goodson Chisupe, wa m'mudzi wina kufupi ndi Liwonde, ananena kuti anaonetsedwa kumaloto mtengo wochiza Edzi. Anthu miyandamiyanda anakhamukira kumeneko pa malole, pa mabasi ndi wapansi kukamwa madzi amene anatchuka ndi dzina loti mchape. Nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe chowapatsa. Ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Sindikunena kuti munthuyo ankanama dala, ndipo anthu amene anapita kumeneko sindingawanyoze, chifukwa anali pa moto. Koma kachilombo sikanachoke m'magazi mwa munthu chifukwa choti wakhulupirira. Chikhulupiriro chimatonthoza mtima ndi kuchepetsa ululu wina, koma malungo, chifuwa chachikulu ndi mwana wopingasa m'mimba sizimva zimenezo.

Choipa china cha bodza lochiritsa ndi chakuti limasiya anthu ali osadziwa. Bambo wa msana uja akadzadwalanso adzafuna kabotolo, osati kusintha kagonedwe kake. Adzadalira gogoyu mpaka kale. Munthu amene amakuthandiza koma osakuuza mmene wakuthandizira amakhala wakumanga.

Kupatula zimenezo, ali ndi zofooka zina?

Kunyada ndiye kwakukulu. Savomera kuti walakwa, savomera kuti pali chimene sadziwa, ndipo kugonja amadana nako koopsa. Akapita kudziko lachilendo amaona ngati anthu a kumeneko ndiwo asochera. Mabuku sawakhulupirira kwenikweni. Mu Carpe Jugulum, kalata yomuitanira ku mwambo wopatsa dzina mwana wa mfumu itasowa, iye anaganiza kuti amutaya, n'kusiya nyumba yake kukabisala kuphanga pa nthawi imene dziko linali pa ngozi. Nkhalamba yogonjetsa ziwanda inagwa ndi kalata imodzi.

Chachiwiri ndi mmene amachitira ndi achinyamata. Magrat amamunyoza kosalekeza, kumutcha wofooka, kuseka mabuku ake ndi mikanda yake, pamene mtsikanayo zitsamba amazidziwadi. Okonda gogoyu amati amamulimbitsa. Mwina. Koma atsikana ambiri amene anakulira m'manja mwa apongozi kapena anankungwi aukali angakuuzeni kuti kunyozedwa tsiku ndi tsiku kumalimbitsa ochepa, ambiri kumawatseka pakamwa. Magrat anayamba kuima payekha atachoka pansi pa gogoyu. Ndipo mu Wintersmith, buku la 2006, Granny amalola kuti mtsikana wosadziwa ntchito, Annagramma, apatsidwe dera loti azilisamalira, mwa zina pofuna kuchititsa manyazi mphunzitsi wa mtsikanayo amene iye sagwirizana naye. Amene akanavutika zikanalakwika ndi amayi oyembekezera ndi odwala a m'deralo.

Chachitatu, chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonse: palibe amene angamufunse. Mfumu imamuopa, anzake amamuopa. Chisankho cha usiku uja cha mayi ndi mwana chinali chachifundo, koma taganizani chikanakhala cholakwika, akanakadandaula kuti bamboyo? Pamene boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007, chifukwa chimodzi chinali chomwechi: mayi akataya magazi m'chikuta, mzamba ankachedwa kuvomera kuti zamukanika, ndipo ena ankayamba kaye kuumiriza mayiyo kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, poona kuti zipatala zili kutali ndipo amayi akuchirabe kumudzi mobisa. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Mayi waluso amene sayankha kwa munthu aliyense ndi dalitso tsiku limene walondola, ndipo ndi ngozi tsiku limene waphonya.

Ngati ali ndi zilema zonsezi, anthu amamukonderanji?

Chifukwa iye mwini amazidziwa ndipo amadzilondera usana ndi usiku. Mtima wake umakokera ku nkhanza ndi ku ulamuliro, ndipo akudziwa kuti akanasankha kuipa akanaposa onse. Mkulu wake, Lily, anasankha njira imeneyo: mu Witches Abroad amalamulira mzinda wa Genua ndi magalasi, kukakamiza anthu kukhala monga nthano zimanenera, mpaka kufuna kukwatitsa mtsikana kwa chule wosandutsidwa munthu, zonsezo akudziona ngati wochita zabwino. Mkwiyo wa Granny pa mkulu wakeyo ndi woti iye atachoka pakhomo, udindo wokhala mwana wabwino unagwera iyeyo, pamene sanaufune. Amakumbukiranso Black Aliss, mfiti yamphamvu yakale imene inazolowera kukhala yokha mpaka mutu unasokonekera n'kuyamba kuzunza anthu. N'chifukwa chake mfiti za m'mabukuwa zimayenderana, kumwa tiyi limodzi ngakhale zisakukondana: zimayang'anirana kuti wina asapenge ndi mphamvu.

Ubwino wa munthu amene sanayesedwepo sutiphunzitsa zambiri. Wa gogoyu ndi wochita kulimbana nawo m'mawa uliwonse.

Kodi si zoopsa kuyamikira mfiti, ngakhale ya m'buku, m'dziko limene okalamba akuphedwa powaganizira ufiti?

Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikufuna kulipeputsa. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana ndi Balaka, anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chaka ndi chaka bungwe la MANEPO, loona za okalamba, limalengeza za agogo ophedwa kapena kuthamangitsidwa m'midzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe panali okalamba amene anakhala m'ndende pa nkhani zomwezi, mpaka George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism anachita kuwamenyera nkhondo kuti atuluke. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Ndipo ku Machinga komweko, kuphedwa kwa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino, mu 2018, kunaonetsa kumene chikhulupiriro cha zizimba chimafikitsa anthu, ngakhale ophunzira ndi audindo.

Tsono taonani amene amalozedwa chala. Kawirikawiri ndi mayi wokalamba, wamasiye kapena wopanda mwana, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wolankhula mosapsatira, wodziwa zitsamba, nthawi zina wokhala pa munda umene achibale akuufuna. Ameneyu ndi Granny Weatherwax ndendende, kungochotsa tsache louluka. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'buku ali ndi mphamvu zodzitetezera, pamene wa kwa Kalembo kapena kwa Kawinga alibe kanthu koma ndodo yake.

Pratchett zimenezi ankazidziwa. Mu The Wee Free Men, buku la 2003, muli nkhalamba yotchedwa Mrs Snapperly, yosauka, yopanda mano, yolankhula yokha. Mwana wa mwini dera atasowa, anthu anati wamudya ndi iyeyo. Anaotcha nyumba yake, anapha mphaka wake ndi miyala, ndipo nyengo yozizira itafika anafera panja chifukwa panalibe womutsekulira chitseko. Sanali mfiti m'pang'ono pomwe, ndipo mwanayo anali moyo. Tiffany Aching, ali ndi zaka 9, anaganiza zokhala mfiti chifukwa cha imfa imeneyi, kuti m'dera lake zisadzachitikenso. Mu I Shall Wear Midnight, la 2010, mdani wamkulu ndi mzimu wa chidani umene umalowa mwa anthu wamba n'kuwachititsa kusaka nkhalamba. Choncho mabukuwa saphunzitsa mwana kuti agogo ake amatamba. Amamuphunzitsa kufunsa kuti umboni uli kuti, ndiponso kuti amene akupindula ndi mphekeserayo ndani.

Ngozi ingakhalepo ngati mlembi wa kuno atangotola chipewa ndi tsache n'kulemba za gogo wa ku Nayuchi amene amaulukadi pa lichero koma ndi wabwino mtima. Owerenga ena angangotolapo chimodzi: tinkanena, amauluka. Ku England owerenga ambiri sakhulupirira kuti mnansi wawo angawalodze, ndiye mlembi ali ndi ufulu wosewera ndi dzinalo. Ife ufulu umenewo ndi wochepa.

Nanga Mkhristu kapena Msilamu angawerenge mabuku otere ndi mtima woyera?

Aliyense adziyankhe mogwirizana ndi chikumbumtima chake, ndipo amene wasankha kusawerenga ndimamulemekeza. Ndingonena kuti m'mabukuwa mulibe malangizo a kakhwimidwe, ndipo gogoyu sapembedza Satana kapena ziwanda. Mu Carpe Jugulum amayenda ulendo wautali ndi m'busa wachinyamata wotchedwa Mightily Oats, amene chikhulupiriro chake chikugwedezeka. Gogoyu, amene sapemphera, ndi amene amamudzudzula kuti ngati amakhulupiriradi aleke kukayikakayika, ndipo amamuuza kuti tchimo limayambira pamene munthu wayamba kuona mnzake ngati chinthu. Shehe wa ku Ntaja kapena wansembe wa ku Balaka sangapeze chovuta pa mfundo imeneyo.

Mlembi wa ku Machinga kapena Balaka angatengepo chiyani?

Alembi a ku Africa anayamba kale kulowa m'nkhani zotere m'njira zawozawo. Nnedi Okorafor mu Akata Witch, buku la 2011, anaika mtsikana wachialubino wa ku Nigeria kukhala ngwazi ya nkhani. Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, anajambula filimu ya I Am Not a Witch mu 2017, yonena za kamtsikana konamiziridwa ufiti. Kwathu kuno Steve Chimombo analemba za Napolo ndi za Mbona, ndipo Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015. Ku Balaka kuli makina osindikizira a Montfort Media. Chimene ndikulakalaka kuwerenga m'Chichewa kapena m'Chiyao ndi buku limene pakati pake pali nkhalamba yaikazi yaukali, yanzeru, yolemba bwino moti owerenga aziikwiyira tsamba lino n'kuikhululukira tsamba linalo.

Nthano zathu ndi masewero a pa wailesi zimakonda kutipatsa agogo a mitundu iwiri: wokoma mtima wokazinga chimanga pamoto, ndi wa maso ofiira wokwera fisi. Nakanga weniweni sali mwa awiriwa. Iye amasunga chinsinsi cha mtsikana amene anagwiriridwa, amaima pakati pa mkazi ndi mwamuna womenya, amadziwa khungwa loletsa m'mimba. Yemweyonso akhoza kuphunzitsa kamtsikana ka zaka 11 zinthu za m'banja, n'kukana kumva pamene mafumu, aphunzitsi ndi malamulo akuti ukwati uyambire pa zaka 18, monga Malamulo oyendetsera dziko anatsimikizira mu 2017. Mlembi amene angabise mbali imodzi mwa ziwirizi watinamiza.

Ndingamulangize zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu za gogoyo zikhale zoti owerenga akayang'anitsitsa aone kuti ndi luso, kukumbukira ndi kulimba mtima: amadziwa kuti mvula ibwera chifukwa waona nyerere, amadziwa wakuba chifukwa anamulera ndipo amadziwa mmene amaphethirira akanama. Anthu a m'nkhaniyo azinong'ona kuti ndi wokhwima, koma wowerenga azidziwa zoona zake. Chachiwiri, pakhale munthu m'modzi woti angamukanize, ndipo nthawi zina wokanizayo azikhala wolondola. Akhoza kukhala mdzukulu wake amene ndi namwino pa chipatala cha boma ku Liwonde, amene analeredwa ndi gogoyo, amamukonda, koma usiku wina ayenera kulanda mayi woyembekezera m'manja mwake n'kumukweza pa kabaza wanjinga yamoto, gogoyo akutukwana pakhomo kuti wachiritsa mudzi wonse ndipo sangaphunzitsidwe ndi mwana wadzulo. Pratchett anapatsa Granny munthu wotere mochedwa, mwa Tiffany Aching, ndipo mabuku amene awiriwa amakokanakokana ndi amene gogoyu amaonekamo bwino kwambiri kuti ndi munthu.